Nkhondo ya Chilembwe imodzi, olemba ambiri: kuphunzitsa ana kuyerekeza zolinga za olemba

Funso: Ndimaphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera. Ndikawapatsa ana zolemba ziwiri zokamba nkhani imodzi, monga ya John Chilembwe, n'kuwauza kuti ayerekeze zolinga ndi maganizo a olembawo, amandilembera chidule cha choyamba, kenako chidule cha chachiwiri, n'kutseka ndi mawu akuti "wolemba wachiwiriyu ndi wokondera." Ndiwathandize bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, anawo akulemba chidule chifukwa akuyang'ana zimene zinachitika, pomwe funso lanu likufuna kuti ayang'ane zimene wolemba anasankha. Zimene zinachitika n'zimodzi: usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 otsatira a Chilembwe anaukira minda ya A. L. Bruce ku Magomero, azungu atatu anaphedwa, gulu lina linapita ku Mandala ku Blantyre kukafuna mfuti, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa cha ku Mulanje. Mwana akangokhala pa zimenezi, zolemba zonse zimaoneka zofanana. Kusiyana kumabisala m'zosankha za wolemba: wayambira pati, watchula anthu ndi maina otani, wapatsa ndani mpata woyankhula, wathera mizere yambiri pa chiyani, ndipo wadumpha chiyani.

Musanawapatse pepala lililonse, lekanitsani zinthu ziwiri zimene ana amazisakaniza. China ndi pamene wolemba waima: iye ndi ndani, analemba liti, anali kuti, ankatha kuona chiyani, nanga n'chiyani chimene sakanatha kuchiona kapena kuchinena. China ndi cholinga: akufuna kuti woŵerenga wake akhulupirire chiyani kapena achite chiyani akamaliza kuŵerenga. Anthu awiri akhoza kuima pamodzi koma zolinga n'kusiyana. Mmishonale ndi mwini esiteti onse anali azungu a m'Nyasaland wa 1915, koma poyankha mafunso a boma wina ankateteza sukulu zake, wina ankateteza minda yake.

Pa cholinga, aletseni kuyankha ndi mawu amodzi monga "kudziwitsa" kapena "kukopa". Mawu amenewa amakwana pa cholemba chilichonse, choncho sanena kanthu. Akakamizeni kumaliza chiganizo ichi: "Wolembayu akufuna kuti wakutiwakuti akhulupirire, kapena achite, zakutizakuti." Mwana amene sangatchule woŵerenga amene wolembayo ankamulembera sanapeze cholinga.

Nkhani ya Chilembwe ndi yabwino pa ntchitoyi chifukwa ili ndi zolemba zochokera mbali zotalikirana kwambiri. Choyamba ndi kalata ya mwini wakeyo yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani ya ku Karonga itangochitika mu Seputembala, kalata imene boma linailetsa kuti isafalikire. M'kalatamo akudandaula kuti anthu akuda akuitanidwa kukakhetsa magazi pa nkhondo imene sakudziwa chiyambi chake, kuti pa nthawi ya mtendere zabwino zonse n'za azungu koma pa nkhondo mavuto ndi a onse, ndiponso kuti akafa amasiya amasiye ndi ana ovutika. Akuti olemera ndi eni minda ndiwo apite akawomberedwe. Chachiwiri ndi lipoti la komiti yofufuza imene bwanamkubwa George Smith anaikhazikitsa kuukira kwa Chilembwe kutatha, lomwe linasindikizidwa ku Zomba mu 1916. Mamembala ake onse anali azungu. Chachitatu ndi zimene George Simeon Mwase analemba ali m'ndende ya Zomba kumayambiriro a zaka za m'ma 1930, atamva nkhaniyo kwa Wallace Kampingo, mmodzi wa otsatira a Chilembwe amene anali mkaidi kumeneko. Zolembazi zinadzasindikizidwa mu 1967, Robert Rotberg atazikonza, pa mutu wakuti Strike a Blow and Die. Chachinayi ndi buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958, Independent African, lomwe linatuluka m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndale zomenyera ufulu zitatentha.

Musawapatse zinayi zonsezi tsiku limodzi. Yambani ndi ziwiri, chilichonse cha mawu 150 mpaka 250, ndipo zonse zikhale zokamba mfundo imodzi yaing'ono, osati nkhondo yonse. Mfundo yoyenera kuyambira ndi yakuti: n'chiyani chinachititsa kuti anthu aukire? Ngati kulibe makina okopera mapepala, lembani ndimezo pa mapepala akuluakulu awiri n'kuwapachika moyandikana, kuti diso lizidumpha kuchoka uku kupita uko. Mukalemba chimodzi pa bolodi, n'kufufuta, n'kulemba chinacho, mwawaphunzitsa kale kulemba chidule motsatizana.

Chida champhamvu kuposa zonse ndi funso lakuti: wolembayu nkhani yake waiyambira pati? Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu pa mlandu wa malire a munda akudziwa kuti wina amayambira pa tsiku limene mnzake anazula chimanga, pomwe winayo amayambira pa nthawi imene agogo ake anagwetsa mitengo pamalopo. Poyambira pamaloza kale wolakwa. Amene ayambira usiku wa pa 23 Januwale, pa imfa ya William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa ku Magomero, akulemba nkhani ya kupha. Amene ayambira pa thangata, pa msonkho wa nyumba, pa Alomwe amene anathawa ku Mozambique n'kudzakhala pa minda ya azungu, ndi pa tinyumba topemphereramo ta mpingo wa Chilembwe wa Providence Industrial Mission (PIM) timene tinatenthedwa pa esiteti ya Bruce, akulemba nkhani ya anthu otopa ndi nkhanza. Amene ayambira pa kubwera kwa mmishonale Joseph Booth mu 1892 ndi ulendo wa Chilembwe wa ku America mu 1897, kumene anakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, akulemba nkhani ya maganizo ochokera kunja, ndipo amenewa angawatche chiphe kapena kuwala malinga ndi mbali imene waima. Landeg White, m'buku lake la 1987 lotchedwa Magomero, anabwerera mpaka nthawi ya David Livingstone ndi amishonale a mpingo wa Anglican a UMCA amene anakhala pamalopo mu 1861, n'kupitiriza mpaka zaka za m'ma 1980. Kwa iye mwini nkhani ndi mudzi ndi anthu ake, ndipo chaka cha 1915 ndi gawo limodzi chabe la moyo wa mudziwo. Uzani ana alembe m'mphepete mwa ndime iliyonse chaka kapena chochitika chakale kwambiri chimene wolembayo watchula. Ntchitoyi imatenga mphindi zisanu, koma imatsegula zambiri.

Kenako atenge zolembera za mitundu iwiri, kapena cholembera ndi pensulo. Ndi chimodzi adule mzere pansi pa maina onse amene wolemba wawapatsa anthu ndi chochitikacho: zigawenga, oukira, otsatira, asilikali, ngwazi, mbusa, chipolowe, kuukira, nkhondo yomenyera ufulu. Ndi chinacho azungulize aneni, n'kufunsa kuti wochita ndi ndani. Chiganizo chakuti "anthu a Chilembwe anamupha kapitawo Livingstone n'kumudula mutu" chili ndi wochita woonekera. Chiganizo chakuti "anthu ambiri anaphedwa m'masabata otsatira" chabisa wochita. Wolemba amene amatchula wochita mbali imodzi ikalakwa, n'kumubisa mbali inayo ikalakwa, waonetsa pamene waima ngakhale asananene maganizo ake. Ana amaigwira msanga njira imeneyi chifukwa pa Chichewa kusiyana kwa "anapha" ndi "anaphedwa" kumamveka m'khutu. Chenjezo kwa inu: mukamamasulira nokha ndime za Chingerezi, mawu amene mwasankha amalowetsamo maganizo anu. Ngati n'kotheka, ikani ndime yoyambirirayo pambali pa yomasulirayo.

Chachitatu n'kuŵerenga mizere. Ndime ya mizere 20 imene yapereka mizere 12 ku imfa ya azungu atatu ndi mzere umodzi ku anthu oposa 30 amene boma linawaweruza kuti aphedwe, ndi mazana amene linawamanga, yanena kale miyoyo imene ikuiona yolemera. Izi zimagwiranso mbali inayo. Zokamba zambiri za pa tsiku lokumbukira Chilembwe, pa 15 Januwale, zimathera nthawi pa kalata ya 1914 ndi pa kuti akazi ndi ana a azungu sanaphedwe, koma zimadutsa mofulumira pa nkhani ya mutu wa Livingstone umene unaikidwa poonekera pa mapemphero a Lamlungu lotsatira, ndi pa kuukiridwa kwa mishoni ya Akatolika ku Nguludi. Mwana aphunzire kuona kudumpha kumeneku ngakhale pa cholemba chimene akugwirizana nacho. Ndipo adziwe lamulo ili: sunganene kuti wolemba wasiya kanthu pokhapokha utaloza pamene kanthuko kali, m'cholemba chachiwiri. Apa ndiye pali phindu lenileni lokhala ndi zolemba ziwiri.

Tsopano pa lipoti la 1916, chifukwa ndi pamene ana ambiri amagwa. Akangomva kuti linalembedwa ndi atsamunda amayembekezera kuti likana zonse. Silikana zonse. Limavomereza kuti antchito a pa minda ya Bruce sankasamalidwa bwino ndiponso kuti Livingstone anali wankhanza. Mwana wofulumira amati, "Ndiye kuti ndi losakondera." Funso loyenera n'lakuti: kuvomereza kumeneku kukugwira ntchito yanji? Mlandu ukaikidwa pa kapitawo mmodzi amene anafa kale, pa esiteti imodzi, ndi pa chiphunzitso cha mipingo yoyendetsedwa ndi anthu akuda popanda mzungu woyang'anira, ndiye kuti ulamuliro wonse, kulandidwa kwa malo ndi msonkho zimatsala zosakhudzidwa kwenikweni. Cholinga cha lipoti lotere n'kufotokozera akuluakulu a ku London ndi azungu a m'dzikomo chimene chinalakwika ndi mmene angaletsere kuti chisabwerenso, popanda kugwedeza maziko a boma. Mwana amene walemba zimenezi wayankha funso lanu. Amene walemba kuti "lipoti ndi labodza" sanaliŵerenge.

Pali msampha wina m'lipotimo. Komiti inamva mboni zambiri, akuda ndi azungu, ndipo John McCracken anasindikiza maumboni amenewo mu 2015 m'buku lotchedwa Voices from the Chilembwe Rising. Mboni monga Dr Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre inateteza maphunziro a anthu akuda pamaso pa komitiyo, ndipo nkhani yoti munthu wakuda azivula chipewa akakumana ndi mzungu inakambidwa kwambiri. Mawu a mboni si mawu a komiti. Ana akapeza mawu ogwidwa m'ndime amawaika m'kamwa mwa wolemba. Aphunzitseni kufunsa mafunso awiri: akuyankhula ndani apa, nanga wolemba wamubweretsa kuti amuvomereze, amutsutse, kapena angomugwiritsa ntchito ngati chitsanzo? Aneni olowetsera mawu ndiwo amaulula: "anavomera kuti", "anaumirira kuti", "ankadzinamiza kuti", "anafotokoza kuti".

Mwase amavuta mwa njira ina. Ndi munthu wakuda wa m'dziko lomweli, analemba mosonyeza kumumvetsa Chilembwe, ndipo ndiye gwero la mawu otchuka amene Chilembwe akuti anauza anthu ake, oti amenye kamodzi n'kufa kuti magazi awo adzatanthauze kanthu. Ana amawatenga ngati mawu ojambulidwa pa tepi. Koma Mwase sanalipo pa msonkhanowo. Anamva kwa mkaidi mnzake patapita zaka zoposa 15, n'kulemba m'Chingerezi, ali m'manja mwa boma lomwe Chilembwe analiukira. Anamuyerekeza Chilembwe ndi John Brown wa ku America, amene anaukira ukapolo mu 1859. Zonsezi sizikutanthauza kuti ananama. Zikutanthauza kuti Chilembwe wa Mwase ndi munthu wodzipereka nsembe, wosayembekezera kupambana, ndipo chithunzi chimenechi chinasankhidwa. Ikani ndime ya Mwase pambali pa kalata ya 1914 ndipo funsani ana kuti: munthu wa m'kalatayu akupempha ndani, ndipo akuyembekezera chiyani? Kalatayo ndi dandaulo lolembedwa m'malo mwa anthu a mtundu wake, lokhala ndi chiyembekezo choti boma lingamve. Kuiŵerenga ngati chilengezo cha nkhondo ndiko kubweretsa Januwale 1915 m'Novembala 1914, chinthu chimene mwini kalatayo sanalembe.

Apa mpamene mawu akuti "wokondera" ayenera kuletsedwa m'kalasi mwanu kwa sabata zingapo. Wolemba aliyense waima penapake, choncho mawuwa sasiyanitsa aliyense. Choipa kwambiri n'chakuti amatseka kuganiza: mwana akangoti "ndi wokondera" amaona ngati wamaliza. Akafuna kuwanena, ayankhe kaye mafunso atatu: wakondera mbali iti, umboni wake ndi mawu ati m'ndimemo, nanga kuima kwakeko kwamuthandiza kuona chiyani chimene winayo sanachione? Funso lachitatuli ndi lofunika. Komiti ya boma inali ndi makalata ndi maumboni amene Mwase sakanawapeza. Mwase anali ndi khutu la munthu amene anali mkati mwa gululo, amene sakanayankhula momasuka pamaso pa woweruza wachizungu mu 1915, anzake akunyongedwa.

Cholakwa china chofala n'kuweruza ndi khungu: mzungu ndiye wotsutsa Chilembwe, wakuda ndiye womuchirikiza. Shepperson ndi Price anali ochokera ku Britain, koma buku lawo linamutenga Chilembwe ngati munthu woganiza, wolumikizana ndi mipingo ya anthu akuda a ku America, osati wopenga wa chipembedzo. Mbali inayi, amene anamulondola n'kumuwombera anali asilikali akuda a boma, ndipo Akhristu ambiri akuda a m'mishoni zina sanalowe nawo. Ngakhale akatswiri okhaokha amasiyana. Jane ndi Ian Linden, m'nkhani yawo ya 1971, anatsindika chikhulupiriro cha kutha kwa dziko ndi kubwera kwa ufumu watsopano pakati pa otsatira ake, pomwe olemba ena, monga D. D. Phiri, anatsindika kumenyera ufulu wa anthu akuda. Kwa Fomu 4, ziwirizi n'zabwino kuposa kuika mtsamunda ndi Mmalawi, chifukwa yankho silionekera pa dzina la wolemba.

Samalaninso ndi mtundu wa cholemba. Lipoti la boma limayankhula mozizira, ndi ndime za manambala, chifukwa ndi mmene malipoti amalembedwera. Ulaliki kapena kalata yodandaula imayankhula motentha. Ana amaganiza kuti kuzizira ndiko kunena zoona, kutentha ndiko kukokomeza. Auzeni kuti ayerekeze zimene wolemba wachita mkati mwa mwambo wa cholemba chakecho. Lipoti likhoza kubisa zambiri ndi mawu ofatsa, ndipo dandaulo lokwiya likhoza kukhala lolondola pa mfundo iliyonse.

Pa kalembedwe ka yankho, chimene chimathetsa chidule ndi lamulo limodzi losavuta: ndime iliyonse ikambe mfundo imodzi, ndipo olemba onse awiri aonekeremo. Musalole ndime ya wolemba mmodzi yekha. Musanafike polemba, jambulani pa bolodi tebulo la mizati itatu: kumanzere mafunso, pakati cholemba choyamba, kumanja chachiwiri. Ana adzaze mopingasa, funso limodzi zolemba zonse ziwiri, asanatsikire ku funso lina. Akadzaza motsika, mzati umodzi wonse kenako winawo, chidule chabwereranso. Mzere uliwonse wa tebulo umasanduka ndime. Ndime yabwino imamveka chonchi: "Onse awiri akuvomereza kuti pa minda ya Bruce panali nkhanza. Komiti ikuziika pa khalidwe la kapitawo mmodzi, pomwe Mwase akuziona ngati chitsanzo cha mmene anthu akuda ankakhalira pansi pa azungu. Kusiyanaku kukuchokera pa zolinga zawo: komiti ikufuna kukonza pamene panaphulika, Mwase akufuna kuti woŵerenga amvetse chifukwa chake munthu wophunzira ndi wopemphera anafika potenga zida." Onani kuti ndimeyi yayamba ndi pamene akugwirizana. Ana amaiwala zimenezi, koma mfundo imene adani awiri akuivomereza ndi imene ili yolimba kwambiri m'nkhani yonse.

Mu mphindi 80 za maphunziro awiri otsatizana, perekani mphindi 10 zoŵerenga mwakachetechete, 10 zofotokoza za olemba ndi nthawi yawo, 25 zodula mizere ndi kudzaza tebulo awiriawiri, 15 zokambirana mzere umodzi kapena iwiri yokha ya tebulolo, ndi 20 zoti aliyense alembe ndime imodzi. Imodzi yokha. Tsiku lina yesani kubisa maina a olemba mpaka atamaliza tebulo, kuti alote okha wolembayo kuchokera pa mawu ake. Zimathandiza kuthetsa chizolowezi choweruza ndi dzina, koma musamachite nthawi zonse, chifukwa kudziwa wolemba ndi chaka ndi gawo la ntchitoyi.

Pochonga, malikisi azitsatira zimene mukufuna. Pa 10, perekani 2 pa kutchula pamene wolemba aliyense waima, 2 pa cholinga chotchula woŵerenga wake, 4 pa kuyerekeza kokhala ndi mawu enieni ochokera m'zolemba zonse ziwiri, ndi 2 pa kufotokoza chifukwa chake akusiyana. Chidule, ngakhale chokoma bwanji, chisalandire kanthu, ndipo auzeni zimenezi asanayambe kulemba.

Akazolowera, onjezani cholemba chachitatu chimene si mawu. Ndalama ya pepala ya K2000 ili ndi nkhope ya Chilembwe. Chiboliboli cha Samson Kambalu chimene chinaikidwa ku Trafalgar Square ku London mu 2022 chinatengera chithunzi cha 1914 cha Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, atavala chipewa, ndipo wosemayo anamukulitsa Chilembwe kuposa mnzakeyo. Mafunso ndi omwewo: wasankha mphindi iti ya moyo wa munthuyu, wakulitsa chiyani, akuonetsa ndani, ndipo akufuna kuti woonayo aganize chiyani. Ana amene amavutika kuŵerenga Chingerezi chovuta cha m'malipoti nthawi zambiri amayamba kuigwira njirayi pa chithunzi, kenako n'kubwerera nayo ku ndime zija.